Yankho kwa achimwene pa za bilu ya madzi ya amayi

Achimwene, mwaswera bwanji ku Joni kumeneko? Ndangoti ndilankhule chifukwa kulemba zonsezi kunditengera nthawi, ndipo ena m'gulu muno amve nawo. Mwafunsa kuti bwanji amayi akudandaula za bilu ya madzi, chikhalirecho inu munamva kuti boma linachotsa mabilu chifukwa cha Covid.

Za madzi aulere munamvazo ndi za ku Ghana. Kumeneko Pulezidenti Akufo-Addo analengeza kuti boma liwalipirira anthu madzi miyezi itatu, Epulo, Meyi ndi Juni 2020. Kuno kwa amayi bilu ikubwera mwezi ndi mwezi, ndipo ndaiona ndi maso anga, yafika K68,000.

Ndalama zija za K35,000 pamwezi zomwe a Mutharika analengeza mu Epulo 2020, zinali za mizinda inayi: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Mangochi munalibe. Ine zimenezi zimandipweteka mtima, achimwene, chifukwa kuno timadya za alendo. Alendo atasiya kubwera, malo ogona a ku Nkopola, ku Monkey Bay mpaka ku Cape Maclear anangoti zii. Bambo uja amachita lendi kuseri kwa nyumba ya amayi ankagwira ntchito yophika kunyanja komweko. Anamuuza kuti adikire kaye kunyumba, mpaka lero akudikirabe. Lendi yakeyo ndi imene inkalipira madzi. Ndiye amayi amuthamangitse ndi ana atatu? Iwo anakana, ine ndinagwirizana nawo.

Komanso madziwo akupita ambiri kuposa kale. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 ana anakhala pakhomo miyezi yambiri, kusamba, kuchapa, kusamba m'manja kosalekeza monga a zaumoyo akutiuzira. Pakhomo pali chidebe cha kampopi, aliyense wolowa asambe kaye. Kuwonjezera apo mabanja awiri oyandikana nafe akumatunga pa mpopi wa amayi. Mukuwadziwa amayi, munthu wobwera ndi ndowa sangamubweze.

Munati mwina tikadandaule ku khonsolo. Ayi, khonsolo siikhudzana ndi madzi a m'mipopi, iwo zawo ndi misonkho ya nyumba ndi matikiti a mumsika. Madzi ndi a Southern Region Water Board, likulu lawo lili ku Zomba, koma ofesi ilipo pa boma pano. Magetsi ndi a ESCOM, mitengo yake amavomereza a MERA. Kumagetsiko tilibe ngongole poti mita yake ndi ya mayunitsi, akatha kwada basi. Amayi akumagula a K2,000, kuphika akuphikira makala.

Lolemba ndinapita ku ofesi ya madziko ndi bilu m'manja. Ndinafotokoza zonse, osabisa. Anandimvetsera bwinobwino, tinagwirizana kuti tipereke theka tsopano, zotsalazo tizipereka pang'onopang'ono pamodzi ndi bilu ya mwezi uliwonse. Chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi: tisadikire kuti adzadule. Akadula timalipira ngongole ija, kenako ya kulumikizanso, ndipo masiku onsewo amayi azikatunga kuti? Ku Shire? Pa msinkhu wawo, ndi ng'ona zija, ndi likodzo, dzinja lino lomwe matenda otsegula m'mimba sachedwa? Funde lachiwiri la Covid la chaka chino cha 2021 ndi loopsa, mwamva kuti pa 12 Januwale tataya nduna ziwiri tsiku limodzi ndi matendawa, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Si nthawi yoti amayi azikapanikizana ndi anthu pamzere wa pa mjigo.

Kwa amalume amene analemba kuti akudziwa mnyamata wotha kulambalala mita, chonde amalume, ndi ulemu wonse, zimenezo ayi. Akagwira, dzina limene lili pa akaunti ndi la amayi, chindapusa ndi manyazi zigwera iwo.

China, ndinatseka mipopi yonse n'kukayang'ana mita, ndinapeza ikuyendabe pang'onopang'ono. Kutanthauza kuti penapake pakudontha, ndikukayikira thanki ya kuchimbudzi. Pulambala abwera Loweruka. Oyandikana nafe aja ndalankhula nawo, avomera kumaponya kangachepe pakutha pa mwezi, wina wati azibweretsa usipa, ndati palibe vuto.

Ndiye theka lija ndi K34,000. Ine ndili ndi K10,000, achemwali a ku Liwonde alonjeza K8,000. Ndikudziwa kuti nanunso ntchito sizikuyenda kumeneko, koma ngati mungakwanitse K16,000 yotsalayo, tumizani pa Mukuru lisanafike Lachisanu, ndikalipire m'mawa ndithu. Risiti ndijambula ndiponye muno. Amayi akuti ndikupatseni moni, akuti muzivala masiki mukamakwera taxi.