Magule a kusukulu: yambani ndi nyimbo, mapazi abwere pambuyo

Mphunzitsi wina wa pulayimale wa ku Santhe, m'boma la Kasungu, watumiza imelo. Ahedi amupatsa masabata 6 kuti akonze magule a tsiku la makolo, ndipo anyamata akakamira Gule Wamkulu. Funso lake ndi lakuti ayambire pati.

Aphunzitsi, Gule Wamkulu musamukhudze. Ngakhale UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamuzindikira mu 2005, eni ake akadali olowa kudambwe, ndipo kuveka ana zinyawu pabwalo la sukulu kungakudanitseni ndi mudzi wonse. Mukamufuna, komiti ya sukulu ikapemphe kwa amfumu. Anyamatawo apatseni mganda, atsikana chimtali.

Sabata yoyamba ng'oma isatuluke. Ana akhale pansi, aphunzire nyimbo ziwiri zokha, mmodzi woyambitsa, ena kulandira ndi kuwomba m'manja. Mwana amene nyimbo sinamulowe amavina akuyang'ana mapazi a mnzake, ndiye amachedwa nthawi zonse. Mverani bwino mawu ake. Nyimbo zambiri za chimtali ndi za paukwati, zonena za m'banja mosabisa. Sungani mayimbidwe, mawu musinthe.

Ng'oma ilowe sabata yachiwiri, woimba akhale wamkulu wa m'mudzi, osati mwana. Mwana akasangalala amathamangitsa ng'oma, bwalo la chimtali n'kupindika. Atsikana 20 akwana, chitenje chomanga zolimba m'chiuno, oimba ng'oma pakati. Kukonzekera kukhale kawiri pa sabata, mphindi 40. Kupitirira apo, njala imawina.

Mganda umafuna mizere, poti unatengera perete wa asilikali. Jambulani mizere itatu ndi phulusa, amene wagwira sitepe aime kutsogolo, osati wamtali. Badza, lipenga la mganda, ndi chikho chobowola, pabowo lina pomata kachikopa ka mazira a kangaude. Kakasowa, pepala la pulasitiki lopyapyala limagwira. Vuto ndi lakuti ana amauzira mpweya ngati wisulo, badza n'kukhala chete. Auzeni aziimbiramo nyimbo momwemo kuti pepala linjenjemere.

Tsikulo likakhala la mu Juni kapena Julayi, chikopa cha ng'oma chimalefuka ndi chisanu. Konzani mtolo wa udzu wouma, muiwambe chapatali mukuigogoda mpaka mawu akwere. Mukaiyandikiza kwambiri pamoto chikopa chimang'ambika, ndipo m'mawa umenewo simupeza wokukungirani china. Udzu wina usiyeni pambali, chifukwa alendo olemekezeka akachedwa muwambanso.