Jeti yaikulu yafika, nanga wailesi yakale ija?

Mnzathu wina wa ku Katete wandilembera imelo. Akuti ali ndi wailesi youlutsira tindege ta rimoti, ya 72 MHz ya machanelo 6 (chanelo iliyonse imalamula chinthu chimodzi pa ndege), imene anawasiyira alamu awo, ndipo sinawakhumudwitsepo pa tindege tawo ta fomu. Tsopano agula jeti ya EDF, yokankhidwa ndi fani ya magetsi ya 90 mm yokhala m'kati mwa paipi. Funso lawo: "Ndisinthe wailesi, kapena ndingopirira nayo poti kwacha yavuta?"

Achimwene, sinthani. Koma musaganize kuti mukagula yatsopano ndiye kuti mwathana nazo.

Mawailesi a 72 MHz ankagwiritsidwa ntchito ku America, ku Britain kunali 35 MHz. Onsewa vuto lawo ndi limodzi: munthu wina akayatsa yake pa chanelo yanu, ndege yanu imamvera mabwana awiri. N'chifukwa chake kumakalabu akale munthu sankayatsa wailesi asanatenge pegi ya nambala yake. Kuno oulutsa tilipo owerengeka, ndiye zimenezo sizingakudetseni nkhawa kwambiri. Chondiopsa ine ndi phokoso la magetsi lochokera ku mota ndi ESC, kachipangizo kolamula liwiro la mota. Jeti ya 90 mm pa batire ya 6S (ya maselo 6) imakoka pafupifupi ma amp 100, ndipo wailesi zakalezi sizichedwa kusokonezeka ndi phokosolo. Za 2.4 GHz, zimene Spektrum ndi Futaba anayamba kufalitsa zaka za m'ma 2000 zili pakati, iliyonse imamangana ndi risiva yake yokha (kolandirira siginolo mu ndege) ndipo phokoso lotere siziliona kanthu.

Werenganinso machanelo: aileron, elevator ndi rudder (zowongolera ndege), throttle (moto wa mota), matayala, mafulapu (a pa mapiko, othandiza potera). Atha onse 6. Gyro, yothandiza kuti ndege isamagwedezeke, muiika pati?

Tsopano imvani zimene zinandionekera ine. Unali m'mawa wa Okutobala, pabwalo lina cha kumsewu wa ku Lundazi, dzuwa lisanakwiye. Kajeti kanga ka 70 mm kanali pa 2.4 GHz kale. Pobwera kudzatera ndinatsitsa matayala ndi mafulapu nthawi imodzi. Basi, timitengo tonse ta pa wailesi zii. Ndikhotetse uku, ndikhotetse uko, kandege kangopita kokha. Pamene kanayambanso kumva, mphuno inali italoza kale pansi. Ndinakapeza katazika mutu mumzere wa munda wa eni, anyamata oweta ng'ombe atandipitirira kale, wina atanyamula phiko ngati wagwira nkhwali. Mwezi wathunthu ndinkainena wailesi. Kumeneko kunali kuinamizira. Wolakwa anali BEC yaing'ono ya mu ESC, imene imapatsa moto risiva ndi masevo, timamota tosuntha zowongolera: masevo onse atakoka moto pamodzi, mphamvu inatsika, risiva inazima n'kudzukanso. Marisiva ambiri amayamba kuchita zimenezi moto ukatsika kufika cha pa mavoti 3.5. Masekondi awiri okha, koma jeti siidikira munthu.

Ndiye pogula, chimene muyang'ane si kukongola kwa sikirini ayi, koma telemetry, yoti wailesi izikuuzani ndi mawu kuti moto wa risiva watsika kapena siginolo yafooka. RadioMaster TX16S ili ndi machanelo 16, imayendera pulogalamu ya EdgeTX, ndipo ya mtundu wa 4-in-1 imamvana ndi marisiva a makampani ambiri. Kuiphunzira kumafuna mtima, masiku oyamba mudzatukwana. Mawailesi apamwamba aja a makampani a Futaba ndi Jeti asiyireni a majeti a turbine omwa parafini, inu simunafikeko.

Powerengera ndalama musaiwale kuti marisiva anu akale onse apuma, ndege iliyonse ifuna yake yatsopano. Onjezani mtengo wotumizira ndi msonkho wa ZRA. Ndipo musiye pang'ono zogulira BEC yapadera yamphamvu, kapena batire ya risiva yokha. Ndalama zikachepa, bola wailesi yotchipirapo kusiyana n'kudumpha zimenezi.

Tieriyo tiwiri ta risiva tiikeni mopingasana, kutali ndi batire ndi kaboni, chifukwa zonsezi zimatchinga siginolo. Failsafe, zimene risiva imachita yokha ikasiya kumva wailesi, muikonze kuti mota izizima siginolo ikatayika, ndipo muiyese ndege ili pansi mnzanu ataigwira. Ku bwalo la ndege la Chipata musayandikireko.

Wailesi ikafika, jeti iyambe yakhala pamwamba pa kabati. Ikani risiva yatsopano mu kandege kanu kakale ka fomu, mukaulutse Loweruka zingapo mpaka zala zidziwe pamene pali siwichi iliyonse osayang'ana. Ndipo musanalipire funsani wogulitsa ngati ili Mode 1 (throttle kumanja) kapena Mode 2 (throttle kumanzere). Ya alamu anuyo, ngati inachokeradi ku America, throttle mwina ili kumanzere, ndiye itanitsani Mode 2.