Nkhono zikutha mu thanki ya pa loji, nditengenso ngongole?

Funso la lero lachokera ku Luwinga ndipo ndalidula pang'ono chifukwa mnyamatayu analemba zambiri.

"Ankolo, ndinayamba geni yoika ma aquarium (mathanki agalasi osungiramo nsomba) m'maofesi ndi m'maloji kuno ku Mzuzu. Kasitomala wanga wamkulu ndi loji ina yomwe inafuna thanki ya madzi amchere ya malita 400, ngati ya kunyanja yaikulu ija. Ndinakongola K1,500,000 kwa bambo ena pa 20 peresenti pamwezi, ndinaitanitsa miyala, nsomba, clam imodzi (kanyama ka m'nyanja ka zigoba ziwiri zotseguka ndi kutseka) ndi nkhono zotsuka ndere kudzera ku Dar. Loji imandilipira K120,000 pamwezi kuti ndiziyang'anira. Vuto ndi loti nkhono zanga zikungotha, m'mawa ndimapeza zigoba zopanda kanthu. Ndagula kawiri, imodzi K6,000, zafa mwina 40 kapena kuposa pa miyezi itatu. Clam nayo yasiya kutsegula bwino. Mnzanga akuti muli nkhono yodya zinzake. Ndithire mankhwala anji? Komanso bambo aja akuti atha kundionjezera K400,000 ndigule zina, nditenge?"

Mphwanga, usatenge. Ndayankha limenelo kaye kuti ngati data ikuthere pakati ukhale utamva chofunikacho. Ndipo usathire mankhwala aliwonse.

Kalata ngati yakoyi ndimailandira mwezi ndi mwezi, kungoti ena amalemba za nkhuku, ena za kaunjika, ena za kabaza. Yako yangovala zachilendo. Mawu amene andiimitsa ine ndi akuti "mwina 40 kapena kuposa". Mwina? Chinthu cha K6,000 chimodzi, chobwera ulendo wa makilomita opitirira 1,000 kudutsa Mbeya, boda ya Songwe, Karonga mpaka kukwera Chiweta, iwe sukudziwa kuti zafa zingati? Mayi wogulitsa tomato pa Zigwagwa amadziwa milu imene yatsala akamaweruka, iwe uli ndi foni ya ndalama zambiri koma kope la K1,000 ulibe.

Tiyambe ndi nkhonozo poti ndi zimene zikukusowetsa tulo. Mnzakoyo akhoza kukhala kuti akunena zoona. Nkhono zolusa nthawi zambiri munthu sugula, zimabwera zobisala m'mabowo a miyala ya m'nyanja unaitanitsa ija kapena pansi pa makorali, zili zing'onozing'ono, ndiye zimakulira mu thanki mwako momwemo uku ukuzidyetsa. Masana suziona. Usiku magetsi a thanki akazima, dikira maola awiri kapena atatu, tenga tochi uyikute ndi kapulasitiki kofiira chifukwa kuwala kofiira sikuzithawitsa kwambiri, khala pampando uyang'ane. Mlonda wa pa lojipo aziganiza kuti wapenga koma musiye.

Usanagwire n'komwe wakubayo, zigoba zija ukutayazo ndiwo umboni. Zitole, uzitsuke, uziyang'ane padzuwa. Ukapeza kabowo kozungulira bwinobwino pa chigoba, ameneyo ndi woboola. A mtundu wa murex, omwe chigoba chawo chimakhala chokakala kapena cha minga, amaboola bowo loongoka. A moon snail amakhala mumchenga, chigoba chosalala chobulungira, bowo lawo limakhala lotakasuka kunja n'kumachepa kulowa mkati. Amanyambita chigoba cha mnzawo ndi kalilime ka mano uku akuthira timadzi tofewetsa, ntchito ya maola ambiri, akamaliza n'kuyamwa zamkati.

Amene amapusitsa anthu ambiri ndi nkhono yolusa yotchedwa whelk, chifukwa amafanana kwambiri ndi Nassarius, kankhono kabwinobwino kamene anthu amagula dala kuti kazidya zotsalira. Onse ali ndi kachitamba kotalika kutsogolo. Kusiyana kwake uone khalidwe. Nassarius amakwiririka mumchenga kachitamba kokha kali panja, ukaponya chakudya amavumbuluka n'kuthamangira, akakhuta amabwerera mumchenga. Whelk amakonda kuyenda pamiyala, kachitamba kake nthawi zambiri kamakhala ndi mawanga akuda, ndipo ukamupeza atakwera pamsana pa nkhono yamoyo kapena atakakamira pa clam, palibenso za mlandu, mtulutse. Amene ukumukayikira usamuphe msanga, muike m'kabotolo ka yekha kobooledwa mkati mwa thanki momwemo, umujambule bwino pansi ndi pamwamba, ufunse amene anakugulitsa.

Za clam yakoyo ine ndikukayikira tinkhono tina totchedwa ma pyramidellid. Timeneti ndi toyera, kukula kwake sitiposa njere ya mpunga, masana timabisala kunsi kwa clam pamene imagwirira mwala komanso m'mizere ya chigoba, usiku timakwera m'mphepete n'kumayamwa. Timakakamiranso pa nkhono zotsuka ndere zija. Nyamula clam mosamala, osaikoka mwamphamvu ngati yagwira mwala, uike mu beseni la madzi a mu thanki momwemo, utsuke chigoba ndi mswachi wofewa. Uchotsenso timaphukusi ta mazira tooneka ngati mamina, chifukwa ukasiya amenewo sabata yamawa wayambiranso. Ubwereze masiku angapo alionse kwa mwezi wathunthu. Pali kansomba kotchedwa six-line wrasse kamene kamadya timeneti, koma usathamangire kukagula, kamavutitsa nsomba zinzake ndipo iwe panopa sukugula chilichonse.

Msampha wa nkhono zolusa zazikuluzo ndi wotchipa. Kabotolo kagalasi, kachidutswa ka nsomba yaiwisi mkati, ukagoneke pamchenga motsamira mwala madzulo, ubwere usiku uone alowamo ndani. Nyambo uchotse m'mawa isaolere m'madzi. Ndipo tamvera bwino apa. Ukaona nkhono ya chigoba chosalala, chotakasuka mbali imodzi n'kusongoka mbali inayo, kukamwa kwake kotalika kopyapyala, mawanga okongola, usaigwire ndi dzanja ngakhale pang'ono. Imeneyo ikhoza kukhala Conus, imabaya ndi kamuvi ka poizoni, mitundu ina monga Conus geographus inaphapo anthu ndipo mankhwala othetsa poizoni wake kulibe. Gwiritsa ntchito chopanira chachitali.

Mankhwala ndakaniza chifukwa palibe amene amasankha. Chilichonse chokhala ndi kopa (mkuwa) chimapha nkhono zabwino, zoipa, clam, makorali, nkhanu, zonse, kenako kopayo amalowerera m'miyala moti thanki imeneyo sudzaikamonso nkhono kwa nthawi yaitali. Ukhala utapha K6,000 iliyonse yotsalayo ndi manja ako.

Komanso pena pake wakupha akhoza kukhala iwe wemwe. Ngati zigoba zilibe bowo ndipo usiku sukuona kanthu, yang'ana madzi. Thanki yotere imafuna kutentha kwa madigiri 24 mpaka 26, ndiye Mzuzu ya June ndi July ukuidziwa, magetsi akazima usiku hita n'kuima, m'mawa madzi aja azizira. Mchere uyenera kukhala pa 1.025 pa choyezera mchere kapena pafupi pamenepo, ndipo madzi akaphwera umaonjezera madzi opanda mchere, osati amchere, ambiri amalakwitsa pamenepo. Nkhono sizipirira mchere ukamakwera n'kutsika. Zina zimafa ndi njala, nkhono makumi angapo mu thanki yatsopano yopanda ndere zidya chiyani? Nkhono za mtundu wa Astraea zikagwa chagada pamchenga zimalephera kudzuka, zimafera pomwepo kapena nkhanu zimazimaliza. Zonsezi bwenzi ukuzidziwa ukanakhala ndi kope, tsiku lakuti kutentha kunali pakuti, mchere pakuti, magetsi anazima maola angapo, zafa ziwiri. Panopa ukungolota basi.

Cholakwa chako chachikulu pa nkhani ya nkhono ndi chakuti zoyamba zitatha unapita kukagula zina usanadziwe chimene chapha zoyambazo. Kuli ngati kugula anapiye atsopano likongwe akadali m'khola. Ndipo katundu yense watsopano amayenera kuyamba wakhala mu thanki ina yaing'ono masabata angapo ukumuyang'ana, asanalowe mu thanki ya kasitomala. Ka thanki kameneko ukanakagula ndi ndalama ya nkhono zachiwiri zija.

Tsopano tiwerengere, poti iwe suwerengera. Nkhono 40 kuchulukitsa K6,000 ndi K240,000, pa miyezi itatu, ndiye tinene K80,000 pamwezi. Zowawa ndithu. Koma 20 peresenti ya K1,500,000 ndi K300,000 pamwezi, chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeniyo usanaikhudze. Pa miyezi itatu yomweyo bambo aja awerengera K900,000. Iwe wandilembera ndime yathunthu za K240,000, za K900,000 wangodutsapo ndi mzere umodzi ngati ukupereka moni. Loji ikukupatsa K120,000. Chotsapo mchere, chifukwa madzi amenewa amafuna magalamu pafupifupi 35 pa lita, ukamasintha malita 40 pa sabata ndi makilo 6 pamwezi, ndipo si mchere wa kukhitchini, ndi wa m'zidebe wochokera kunja wogula ndi madola. Chotsapo chakudya, zoyezera madzi, thiransipoti yako. Ndikakukomera mtima utsala ndi K60,000. Ndiye K60,000 ilipire K300,000? Mwezi uliwonse dzenje likukula ndi K240,000 ngakhale nkhono imodzi isafe. Ukaonjezera K400,000 ija chiwongoladzanja chifika K380,000.

Nchifukwa chake bambo aja akumwetulira n'kumakuitana kuti ubwere utenge zina. Wakatapila sada nkhawa ukamalephera kubweza ngongole yeniyeni, amada nkhawa ukamaliza. Bola uzibweretsa chiwongoladzanja, akukondabe, azikufunsanso kuti mayi ali bwanji kunyumba. Ndikufuna ndidziwe unasainira chiyani ndipo unaika chiyani chikole, chifukwa anyamata inu mumasaina pepala pa boneti ya galimoto osaliwerenga kenako mumabwera kudzalira kuti njinga yamoto yapita. Pita ukakhale nawo pansi sabata ino, upemphe kuti aimitse chiwongoladzanja mugwirizane ndalama imodzi yoti uzibweza pang'onopang'ono, zilembedwe, pakhale mboni. Akakana, gulitsa chilichonse chimene sichikubweretsa ndalama udule ngongoleyo. Ngati uli mu SACCO kapena banki mkhonde yomwe chiwongoladzanja chake ndi chotsikirapo, kutenga kumeneko kuti utseke kwa bambowa ndi ngongole yokhayo imene ndingakuvomereze, ndipo ndalamayo ichoke m'manja mwako tsiku lomwelo, isagone kunyumba, isaone msuweni wa fizi.

China chimene sunatchule, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Pangano lako ndi loji likuti zinthu zikafa amalipira ndani? Ndikhulupirira palibe pepala, munangogwirana chanza pa risepushoni. Ndiye thanki ikukongoletsa malo a eni ake, alendo akujambulitsa, koma chilichonse chikafa chikutuluka m'thumba mwako, ngakhale chafa chifukwa jenereta yawo sanailize usiku. Bwerera ukakambirane. Thanki ndi zamoyo zikhale zawo, agule, iwe uzilipidwa ntchito yosamalira, mchere ndi chakudya pa risiti yapadera. Ndipo mtengo uziunikidwa dola ikasuntha. Amene anali pa geni ya katundu wakunja mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti akuuza momwe mtengo wogwirizana kale umapwetekera. Uwafunsenso amene akukutumizira katunduyo za mapepala, chifukwa ma clam a Tridacna ndi makorali olimba ali pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, sizinthu zodutsa nazo boda mu chikwama.

Ndiye ndifunse funso limene unayenera kundifunsa. Bwanji madzi amchere, ku Mzuzu, dziko lopanda nyanja yamchere? Nkhata Bay ili pafupi, ola limodzi pa minibasi. Mbuna, nsomba za m'miyala za m'nyanja yathuyi, anthu aku Ulaya ndi ku America amazilipira ndalama zambiri, kansomba kachikasu kaja Labidochromis caeruleus kodzaza m'masitolo a nsomba kunjako kwawo ndi m'mbali mwa nyanja cha ku Nkhata Bay komweko. Sizifuna mchere wa madola, zimangofuna hita, sefa yabwino ndi madzi a pampopi ochotsedwa klorini. Ndipo zimaswana mu thanki, yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ana atuluke, kutanthauza kuti katundu wako akuchuluka yekha m'malo moti uziitanitsa ku Dar mwezi uliwonse. Mlendo wobwera pa loji ya ku Mzuzu akupita kunyanja kapena akuchokera kunyanja, ukamuonetsa mbuna ali ndi chofunsa. Osangopita ndi neti kukakokolola ayi, yamba wapita ku ofesi ya za usodzi ukafunse za chilolezo. Makasitomala atsopano onse uwaikire zimenezi, ya mchereyo ikhale imodzi yomweyo mpaka itaonetsa pa pepala kuti ikudzilipira.

Mawa gula kope. Tsamba loyamba ulembe chilichonse chamoyo chimene chili mu thanki, uchiwerenge ndi chala, mtengo wake pambali. Tsamba lachiwiri ngongole, tsiku limene unatenga, zimene wabweza, zimene akuti zatsala, ndipo nambala imeneyo ukaitsimikize kwa eni ake chifukwa yawo ndi yako zikhoza kusiyana. Kwa masabata anayi usagule nkhono ngakhale imodzi, ndere uzipala wekha ndi dzanja. Ukatero unditumizire chithunzi cha masamba awiriwo ndi cha zigoba zija, tione ngati thanki ya pa lojiyo ndi yosunga kapena yowagulitsa eni ake.