Musalole akukankhireni ku 12 koloko usiku, ine anandimaliza chomwecho

Achimwene, musavomere. Ndawerenga zimene mwalembazi kawiri ndipo mtima wayamba kugunda ngati zachitika dzulo. Mabwana anu akuti pulogalamu yanu ya pa wailesi ya jazi ndi classical ichoke pa 8 koloko madzulo ipite pa 12 koloko usiku "kwa miyezi itatu yokha kuti tione"? Mawu omwewo ndendende ndi amene anandiuza ine. Miyezi itatu. Kuti tione. Palibe chimene akufuna kuona, anaona kalekale. Akungofuna pulogalamuyo ikafere kumdima kopanda wolira.

Akale m'gulu lino mukudziwa kuti ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi pa wailesi ina ya anthu onse, sinditchula dzina, musandifunsenso ku inbox. Lamlungu lililonse maola awiri, loyamba classical, lachiwiri jazi. Malipiro ake osanena, ndinkangochitira chikondi. Zimbale zambiri zinali zanga, ndinkachita kunyamula m'chikwama. Zinthu zinkayenda mpaka pamene kunabwera mkulu watsopano woyang'anira mapulogalamu, munthu wa mapepala ndi manambala, wochokera ku wailesi za malonda. Sabata yoyamba anandiimika pakhonde n'kundifunsa akuseka kuti, "Ndinu amene mumaika nyimbo za maliro zija?" Ndinaseka nawo. Ndinali chitsiru.

Njomba yake ndi yomweyi akukuchitani inuyo. Akusunthani pa nthawi imene anthu ali maso, akuikani pamene aliyense wagona, miyezi itatu ikatha akutulutsirani pepala: mwaona, omvera atsika. Nanga sangatsike bwanji, anthu amadzuka m'mawa kupita kuntchito! Ndipo chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti muyezo umenewo si wa wailesi ya anthu onse. Ngati nkhani ndi kuchuluka kwa makutu, wailesi za malonda zilipo kale zodzaza bwalo, zikuimba nyimbo makumi awiri zomwezo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Wailesi yoyendera misonkho ndi zopereka za omvera inabadwira kuti iziika zimene wamalonda sangaike. A BBC atatsegula Third Programme mu 1946, imene inadzasanduka Radio 3 mu 1967, ankadziwa bwinobwino kuti sadzapikisana ndi nyimbo zovina. Willis Conover anaulutsa jazi pa Voice of America kuyambira 1955 mpaka imfa yake mu 1996, anthu a ku Poland ndi ku Soviet Union ankamumvera usiku pa shortwave, mawu akuphwephwera, ndipo oimba ambiri a kumeneko anaphunzira jazi pa khutu lomwelo. Ndani akanawawerenga pa pepala la bwana wangayo?

Koma ndinavomera. Ndinati bola ndikhalepo. Mvetserani tsopano zimene 12 koloko usiku imatanthauza, chifukwa sakuuzani. Imatanthauza kuti m'nyumba yonse ya wailesi muli inu ndi mlonda basi. Injiniya wapita kwawo. Chipinda cha makina chakhomedwa. Chilichonse chikavuta, muli nokha.

Kunali mayi wina wachikulire, womvera wanga kuyambira chaka choyamba, ankalemba makalata a pamanja, zilembo zopendekera, mwezi uliwonse. Amuna awo anali oimba kwaya ndipo anamwalira. Anandipempha kuti sabata yokumbukira imfayo ndiike Symphony No. 9 ya Beethoven yonse, osadula, chifukwa malemuwo ankakonda gawo lomaliza lija loimba kwaya. Inu oimba mukudziwa, nyimbo imeneyi imapitirira ola lathunthu, magawo anayi, ndipo kwaya imadikira mpaka gawo lachinayi. Ndinalengeza masabata atatu otsatizana. Ndinati mugone masana, usiku wa Lamlungu tikhala limodzi. Mayiwo analembanso kuti aitana ana awo awiri adzakhale nawo.

Chimbale chimene ndinasankha chinali chojambulidwa pa konsati, anthu ali muholo. Ndinachikonda chifukwa umamva holoyo ikupuma, wina akutsokomola, mipando ikulira. Gawo lachitatu ndi lodekha, limatha mwakachetechete, ndiye pa chimbale chimenecho wotsogolera oimba anadikira kaye ndithu asanakweze dzanja kuyamba gawo lomaliza. Chete wautali ndithu. Kwa ine chete ameneyo ndi mbali ya nyimbo.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti pali makina amene amatchera khutu pa mawu opita ku transmitter. Akamva zii kupitirira masekondi amene anawatchera, amaganiza kuti situdiyo yafa, ndiye amadula n'kuponya nyimbo zosungira pa kompyuta. Zoti makinawo alipo ndinkadziwa, zaka zonsezo sanandivutepo. Koma bwana watsopanoyo anali atauza injiniya kuti afupikitse nthawiyo chifukwa anyamata a masana ankasiya mipata akamacheza pa foni. Palibe anandiuza. Palibe kapepala pakhoma. Ndipo makina athuwo sankabwerera okha mawu akayambiranso, ankafuna munthu akadine batani m'chipinda chokhoma chija.

Ine mahedifoni anga anali pa desiki, osati pa mawu a pamphepo. Ndiye kwa ine zonse zinali bwino. Gawo lachinayi linayamba ndi phokoso lake lija, kenaka ma cello ndi ma bass anayamba kanyimbo kaja pansipansi ngati munthu akung'ung'udza yekha, ndinatseka maso, ndinatsamira mpando. Mwamuna wa mawu okhuthala uja analowa. Kwaya inadzuka. Tsitsi linandiima, misozi ili m'maso, ndikuganiza za mayi aja ndi ana awo atazungulira wailesi. Foni ya m'situdiyo silira, imangothwanima kagetsi kofiira. Inathwanima mphindi mwina khumi ndi zisanu ine maso ali chitsekere.

Nditatsegula maso ndinaona mizere yonse itatu ikuthwanima. Ndinati eee, lero anthu akhudzidwa. Ndinanyamula ndikumwetulira. Anali mayi aja. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Mwananga, kodi talakwa chiyani?" Kumbuyo kwawo ndinkamva wailesi yawo ikugunda ng'oma za makina, nyimbo ya kumalo ovinira, kenaka kanyimbo kolengeza dzina la wailesi kaja. Ndinatembenuza batani la mahedifoni kupita pamphepo. Zomwezo. Kuyambira pa chete uja dziko lonse limamva zimenezo, Beethoven ndimamvera ndekha.

Ndinathamanga pakhonde osavala nsapato, ndinali nditazivula monga mwa masiku onse. Chitseko chokhoma. Ndinagwedeza chogwirira mpaka chinatsala pang'ono kuthyoka. Mlonda akuti kiyi ali ndi injiniya. Foni ya injiniya yozima. Foni ya bwana ikungoitana. Ndinaimba kasanu ndi kawiri, ndinawerenga. Ndinabwerera m'situdiyo thukuta lili kamukamu, kwaya ili pachimake penipeni, ikuimbira mpando wopanda munthu. Itatha anthu a muholo ija anaomba m'manja nthawi yaitali. Ndinatsegula maikolofoni n'kupepesa, ndikudziwa kuti palibe akundimva. Sindikudziwa chifukwa chake ndinapepesabe.

Lolemba anandiitana ku ofesi. Mukuganiza anati pepani sitinakuuzeni? Ayi ndithu. Anali atalemba kale pa pepala kuti ine ndinachititsa "dead air", ndiye kuti wailesi kungokhala zii. Ndinafotokoza za magawo, za chete wa pakati, iye akusewera ndi cholembera, kenaka anati, "Vuto ndi lakuti nyimbo zanuzi zili ndi mabowo." Mabowo! Munthu woyang'anira mapulogalamu a wailesi yonse! Anawonjeza kuti jazi ija imamveka ngati oimba akungoyesa zida asanayambe. Ndinamufunsa ngati anamverapo pulogalamu yanga ngakhale kamodzi mpaka kumapeto. Anati nthawi imeneyo amakhala atagona. Nthawi imene anandiika yekha! Munthu ameneyu mpaka lero ndikamva mawu ofanana ndi ake m'basi ndimatembenuka. Injiniya naye anangokhala pakona kuyang'ana pansi, chonsecho amadziwa chilungamo. Iyeyo ndinamukhululukira, ali ndi ana. Koma bwanayo ayi, ndisanamize.

Anandiuza kuti kuyambira pamenepo nyimbo iliyonse isapitirire mphindi zisanu, zonse zilowe mu kompyuta, ndipo pulogalamu ikhale ya theka la ola, 1 koloko usiku. Taganizani. A Love Supreme ya John Coltrane ndi yoposa theka la ola, magawo anayi olumikizana. Pa Kind of Blue ya Miles Davis, ya 1959 ija, nyimbo zambiri ndi za mphindi zisanu ndi zinayi kapena kuposerapo. Ndidule pati? Woimba bass akatsala yekha kuimba pansipansi, makina aja adzamutenganso ngati bowo? Ndinaimirira n'kunena kuti sungani wailesi yanu. Ndinamenyetsa chitseko. Ndinamva kukoma kwa masiku awiri.

Nditapita kukatenga zimbale zanga patatha sabata, ndinapeza anazichotsa m'kabati n'kuziika m'makatoni atatu pakhonde, pafupi ndi khomo, aliyense wodutsa akutolapo. Katoni imodzi inali itatsala theka. Zina anthu ankaikirapo makapu. Zimenezi ndisiye, ndingalembe zosayenera m'gulu la anthu aulemu.

Ndiye musandiuze kuti omvera kulibe. Alipo, kungoti saoneka kufikira utawalanda. Wailesi ya WETA ya ku Washington inachotsa classical mu 2005 n'kuika nkhani ndi zokambirana, pofika 2007 inabwerera ku classical. WBGO ya ku Newark yakhala ikuulutsa jazi kuyambira 1979, omvera akusonkha okha. Ku New York, WQXR itagulitsidwa mu 2009, ndi wailesi ya anthu onse, WNYC, imene inaitenga kuti classical isazime mumzindamo. Ndipo musaganize kuti akuluakulu savutika, Radio 3 yomweyo mu 2019 inachotsa pulogalamu ya Jazz Now n'kuchepetsa ya Late Junction kuchoka pa mausiku atatu kufika pa umodzi, oimba mazanamazana anasaina kalata yodandaula. Matendawa ali ponseponse, si inu nokha.

Tsono chochita. Kanani, koma kanani pa pepala, osati pakhonde. Funsani kuti akulembereni tsiku lobwerera pa 8 koloko ndi muyezo umene adzagwiritse ntchito, asaine. Uzani omvera anu mudakali pa nthawi yabwinoyi, sabata ino, kuti alembe makalata kwa a bodi, osati kwa bwana amene akukusunthaniyo, iye adzangowaika m'dirowa. Makalata enieni okhala ndi dzina, chifukwa ma like a pa Facebook palibe amawawerenga pa msonkhano. Ine ndinali ndi mulu wa makalata a zaka zisanu ndi chimodzi ndipo sindinaonetse aliyense, ndinkaona ngati kudzitama. Uchitsiru wachiwiri umenewo.

Komabe, achimwene, akakanitsitsa, tengani 12 kolokoyo. Inde ndikudziwa zimene ndanena pamwambapa. Koma fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ine ndinamenyetsa chitseko, ndipo pa wailesi ija lero palibe vayolini kapena sakisofoni ngakhale ya mphindi imodzi, pa nthawi yanga ija kompyuta imangodziimbira yokha. Theka la ola la 1 koloko lija ndikanalitenga, bwenzi madalaivala a usiku ndi anamwino amene ankandiimbira foni akumvabe kenakake, ndipo mabwana amasintha, uja sanathe zaka zitatu. Akanandipeza ndilipo wobwerayo. Musatukwanenso bwana wanu pa intaneti ngati mmene ndikuchitira inemu, zimafika.

Ndipo gonjeraniko pang'ono pa utali wa nyimbo, ngakhale zikundiwawa kulemba. Yambani ndi zifupizifupi, ka Chopin ka mphindi zinayi, Duke Ellington wa zimbale zakale zija za mphindi zitatu, munthu wongodutsa akodwe, zazitali muziika kumapeto. Lankhulani ngati munthu, osati ngati mphunzitsi wolemba mayeso. Ine nthawi zina ndinkatha mphindi zisanu ndikufotokoza chaka ndi mzinda, mwina pamenepo bwana uja anali ndi kamfundo, kamodzi kokha.

Zimbale zanu tulutsani mawa lomwe, muzibwera ndi za tsikulo basi. Khutu limodzi la hedifoni lizikhala pamphepo nthawi zonse, kapena ikani kawailesi kakang'ono pambali motsitsa. Nambala ya injiniya wachiwiri ikhale m'foni mwanu, ndipo mudziwe amene amasunga kiyi usiku. Musanaike chilichonse chokhala ndi magawo, pitani kwa injiniya mumufunse maso ndi maso kuti makina a chete aja anawatchera masekondi angati, ndipo ngati amabwerera okha kapena ayi. Akakuyankhani kuti "musadandaule", musachoke, muuzeni akuonetseni nambalayo pa makinapo.

Mayi aja analembanso kalata imodzi itatha nkhaniyi, kufunsa ngati ndidzaikenso gawo lomaliza lija. Inandipeza mochedwa, mlonda ndiye anandisungira. Ili m'katoni ya theka ija, sindinayankhe.