Za mtsempha wa m'diso wotupa ndi mutu wa mng'ono wanuyo

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji adokotala atamuwunika mng'ono wanu m'maso ndi katochi anati mtsempha wa diso watupa, n'kumulembera sikani ya mutu komanso kuchotsa madzi a pamsana, chonsecho chomuvuta ndi mutu, maso akuona bwinobwino. Chonde musazengereze, pitani nayeni.

Mtsempha wa diso umachokera ku ubongo, ndipo madzi amene amakuta ubongo, omwe ndi omwewo amachotsa pamsana aja, amakutanso mtsemphawu. Akayamba kupanikiza m'mutu, mphamvuyo imafika mpaka kuseri kwa diso. Pamene mtsempha umalowera m'diso pamaoneka ngati kambale kokhala ndi malire ooneka bwino. Ukatupa, malirewo amazimirira, timitsempha ta magazi timafufuma, mwinanso kuoneka timadontho ta magazi. Achipatala amati papilledema, ndipo kawirikawiri imagwira maso onse awiri. Chimandidetsa nkhawa n'chakuti poyamba munthu amaona ndithu. Kuona kumayamba kuchepa cha m'mbalimbali iye osazindikira, ndipo mtsemphawo ukafa, wafa.

Mufunseni bwino. Kodi mutu umakula akagona kapena m'mamawa? Akusanza? Akawerama kapena akadzuka mwadzidzidzi, kumamuchitira mdima kwa kamphindi? M'khutu mukumveka phokoso loyendera limodzi ndi kugunda kwa mtima? Akuona zinthu ziwiriziwiri? Zonsezi akazinene, osaiwalanso ngati wangobereka kumene, wanenepa mofulumira, kapena akumwa mankhwala olera.

Sikani imayambirira chifukwa ngati muli chotupa m'mutu, kuchotsa madzi kumakhala koopsa. Ikaonetsa kuti njira ndi yabwino, amachotsa madziwo, kuyeza mphamvu yake (kwa wamkulu ikapitirira masentimita 25 ndiye kuti yakwera), n'kukawayeza ngati muli TB, matenda oumitsa khosi, kapena cryptococcus amene amavutitsa anthu omwe chitetezo chawo chatsika ndi HIV.

Ndikudziwa kuti achibale ambiri amakana, amati jakisoni wa pamsana amapha. Ambiri amene amamwalira amakhala afika matenda atakula kale. Pa cryptococcus, kuchotsa madziwo ndi chithandizo chenicheni, ndipo amachita kubwereza kuti mutu upepuke. Khalani nawo pansi akuluakulu a pabanja muwafotokozere zimenezi.

Ngati kwanuko kulibe sikani, pemphani kalata yopita ku Queens, ku Kamuzu Central kapena ku Mzuzu Central. Amuyezenso BP. Akayamba kusokonezeka, kukomoka kapena kusaona bwino, musadikire tsiku lomwe anamupatsa, nyamukani naye pompopompo.