Yankho kwa achimwene amene afunsa za bilu yochotsa pakati

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri usiku wathawu, pamodzi ndi ndemanga zonse za pansi pake. Mwafunsa kuti munthu wopemphera angavomereze bwanji lamulo lolola kuchotsa pakati, ngati kumeneku si kupha, komanso ngati si kuwatsekulira atsikana njira yoti azingoyendayenda. Mwafunsa mwaulemu, choncho nane ndiyankha mwaulemu. Ndine mayi wa ana anayi, wa Mvano, ndimakhala kuno ku Mulanje cha kufupi ndi Limbuli, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala m'gulu la amayi loyang'anira atsikana pa sukulu ya pulayimale ya kwathu. Ine ndikufuna lamulo loletsa kuchotsa pakati lisinthe. Sindinayambe ndi maganizo amenewa ayi. Mu Disembala 2016, pamene mipingo inaguba m'misewu kukana biluyi, mtima wanga unali nawo limodzi.

Amene anandisintha ndi mwana wa zaka 14, wa Sitandade 7. Dzina sinditchula. Mayi ake ankatchola tiyi ku esiteti, kulawira m'bandakucha dengu kumsana, kubwerako dzuwa litapendeka. Pakhomo pankatsala bambo omupeza, mkamwini pamudzipo. Ife tinangoona mwana wayamba kusinza m'kalasi, juzi osavula ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Titamukhazika pansi kuseri kwa kalasi, anaulula zonse akuyang'ana zala zake za kumapazi. Tinapita naye kuchipatala. Namwino amene tinamupeza anali munthu wachifundo, koma anati, "Amayi, manja anga ndi omangika, moyo wake suli pachiswe. Kamuyambitseni sikelo." Pobwerera ndinamugulira mandasi, n'kumuuza kuti, "Limba mtima mwanawe, Mulungu akudziwa." Mawu amenewa ndinawanena ndine, ndipo amandiwawabe mpaka lero.

Patatha masabata awiri, mayi ake anagogoda kwanga pakati pa usiku. Tinamupeza atagona pa mkeka kukhitchini, chitenje chili chonyowa ndi magazi, thupi lotentha ngati mbaula, fungo loti sungakhalemo. Wina anali atamulowetsa phesi la chinangwa, ndipo anabisa masiku atatu poopa kumangidwa. Tinamukweza pa njinga yamoto ya kabaza, iye pakati, ine kumbuyo, nditamumangirira kwa mnyamata woyendetsayo ndi chitenje changa kuti asagwe. Njira yodutsa m'minda ya tiyi ija ndinaiona kutalika tsiku limenelo, mutu wake ukungogunda pachifuwa panga. Kuchipatala chachikulu anamulandira msangamsanga, anamuika magazi, anamuchita opaleshoni. Moyo unapulumuka. Chiberekero chinali chitawola, anachichotsa.

Taonani bwino pamenepa, achimwene. Boma lomwe lija linakana kumuthandiza ali bwinobwino ndi lomwenso linamulandira atawonongeka, n'kutaya magazi, mankhwala ndi nthawi ya madokotala. Malamulo athu amalola chipatala kukolopa m'mimba mwa mayi amene wadzivulaza kale, koma amachimanga manja pamene akanatha kumuthandiza mwaukhondo. Mimba ija inachokabe. Lamulo silinapulumutse khanda lililonse usiku umenewo, linangolanda mwana wa eni mphatso yobereka.

Lamulo limeneli lili mu Penal Code, buku la malamulo a milandu, limene tinasiyiridwa ndi atsamunda cha m'ma 1930. Gawo 149 limati wochotsa mnzake mimba akhale kundende zaka 14. Gawo 150 limati mayi mwini wakeyo zaka 7. Gawo 151 limati wopereka mankhwala kapena zipangizo zaka 3. Kakhomo kokhako kali pa gawo 243, kolola dokotala kuchitapo kanthu pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Ena mu ndemanga alemba kuti ofuna kusintha lamulo ndi otumidwa ndi azungu. Ine ndikuti lamulo la azungu ndi lomwe tili nalo panoli, ndipo eni akewo ku Britain analisintha kalekale mu 1967. Pangano limene likutiuza kuti tisinthe linalembedwa ndi atsogoleri a mu Africa muno, ku Maputo mu 2003, ndipo Malawi analivomereza mu 2005. Ndime 14 ya panganolo imati mayiko alole kuchotsa pakati kuchipatala ngati mayi wagwiriridwa, wagonedwa ndi wachibale, kapena ngati mimbayo ikuika pachiswe moyo wake, thanzi la thupi lake kapena la maganizo ake. Tinasaina tokha, palibe anatigwira dzanja.

Ndipo tisamanamizane kuti poti lamulo likuletsa ndiye kuti sizikuchitika. A College of Medicine pamodzi ndi bungwe la Guttmacher atafufuza anapeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi muno. Mwa amayi 100 alionse ochotsawo, pafupifupi 60 anakumana ndi mavuto ofunika chipatala, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse a iwo sanafikeko n'komwe. Anthu amenewa si ochokera kumwezi. Ndi omwe timakhala nawo pa benchi limodzi Lamulungu, ena oimba kwaya, ena akazi a akulu a mpingo. Akamwalira, pamaliro timalengeza kuti "anangodwala mutu pang'ono" kapena "anali ndi vuto la magazi", amayi a kusiwa n'kumayang'anana, aliyense akudziwa.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti lamuloli limasankha nkhope. Mwana wa bwana akatenga pakati, amakwera galimoto kupita ku Blantyre, akalowa m'kachipinda koyera ka pulayiveti, Lolemba ali m'kalasi ngati palibe chachitika. Amene amakumana ndi phesi la chinangwa, sopo wa ufa ndi mizu yowawa ya kwa asing'anga ndi mwana wa mayi wotchola tiyi, mwana wa wogulitsa nanazi pa Chitakale. Kunonso kwathu nkhaniyi imaoneka poyera, chifukwa ukangowoloka pa Muloza kulowa ku Milange, uli m'dziko la Mozambique limene kuyambira 2014 limalola mayi kuchotsa pakati kuchipatala mpaka masabata 12. Anthu ake ndi omwewa, Alhomwe anzathu, timakwatirana, timagulitsana chimanga ndi nandolo, timapemphera Mulungu mmodzi. Zambia ali ndi lamulo lawo kuyambira 1972, South Africa kuyambira 1996. Kodi tinene kuti onsewo alibe umunthu, ife tokha ndiye oyera?

Ambiri amene akutukwana biluyi sanaiwerengepo. Inachokera ku komiti yapadera ya Law Commission, bungwe lounika malamulo, imene inakhazikitsidwa mu 2013, ndipo munali oweruza, madokotala, mafumu ndi oimira zipembedzo. Biluyo sinena kuti aliyense wofuna angopita kukachotsa. Ikungowonjezera zifukwa zochepa: moyo wa mayi ukakhala pachiswe, thanzi la thupi kapena la maganizo likamawonongeka, khanda likakhala lopunduka kwambiri moti silingakhale moyo, komanso mimba ikabwera chifukwa chogwiriridwa, kugonedwa ndi wachibale kapena kugona mwana wamng'ono. Basi. Mu Marichi 2021 a Matthews Ngwale, omwe anali phungu wa ku Chiradzulu, anayesa kuibweretsa ku Nyumba ya Malamulo, aphungu anzawo anakana ngakhale kungoikambirana. Kukana kuvomereza ndikanamvetsa. Koma kukana kukambirana, amayi akutha m'mawodi, kumeneko ndiye kuthawa udindo. Kunena zoona, ine ndimaona kuti biluyo ndi yoperewera, chifukwa mayi wa ana asanu ndi awiri amene mwamuna anathawira ku Joni osatumiza kanthu, kapena amene nyumba ndi munda zinapita ndi namondwe wa Freddy mu 2023, sakuwerengedwamo. Komabe ikanakhalapo, mwana uja akanakhala ndi chiberekero chake lero.

Tsopano ku funso lanu lenileni, lakuti kodi si kupha. Sindinena kuti mimba si kanthu. Ine ndinapitapo padera kamodzi, miyezi itatu, ndipo ndinalira sabata yathunthu. Koma takumbukirani mmene makolo athu amachitira. Mimba ikapita padera, ndi amayi akuluakulu okha amene amakaika mwakachetechete, osauza mudzi, osakhoma bokosi, osagona pasiwa. Koma mayi akamwalira, mfumu imauzidwa, mudzi wonse umaima, adzukulu amalawira kumanda, ana amatsala amasiye. Makolo ankalemekeza zonse ziwiri, koma sankaziyesa zofanana. Ankadziwanso chifukwa chake mayi woyembekezera timamutchula wapakati: ali pakati pa moyo ndi imfa. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira. Kwa mwana wa zaka 13 kapena 14, amene chiuno chake sichinakhwime, ngoziyo ndi yoposa pamenepo, ndipo ena amatsala ndi fisitula, mkodzo ukungotuluka moyo wawo wonse. Ndiye ndani ali ndi mphamvu youza munthu kuti lowa pakati pamenepo, ufune usafune?

Ndikupatseni chitsanzo cha inu abambo. Mwana wanu atagona kuchipatala, madokotala n'kunena kuti pakufunika magazi ndipo anu ndi amene akugwirizana naye, inu n'kukana, anthu akunenani, mwina mpingo ukudzudzulani, koma palibe wapolisi angakugwireni n'kukubayani singano mokakamiza. A Malawi Blood Transfusion Service amachita kupempha, kuyenda m'masukulu ndi m'matchalitchi, chifukwa thupi la munthu silitengedwa popanda chilolezo chake, ngakhale pofuna kupulumutsa wina. Magazi ake ndi a mphindi zochepa chabe. Nanga bwanji mayi yekha ndi amene timamukakamiza kupereka thupi lonse miyezi isanu ndi inayi, magazi, mafupa, mwinanso moyo, ngakhale pamene mimbayo anachita kumuponyera pansi? Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amanena za ulemu wa munthu pa gawo 19 ndi kusasalana pa gawo 20, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limapatsa munthu aliyense ufulu pa nkhani za uchembere. Mu Okutobala 2025 Khoti Lalikulu linagamula mlandu wa mtsikana wamng'ono wogwiriridwa amene anakanizidwa thandizoli pa chipatala cha boma, ndipo linati ufulu wake unaphwanyidwa. Nditamva pa wailesi ndinakhala pansi, ndikuganiza za mwana wathu uja.

Za chikhulupiriro, ine sindikupemphani kuti musiye zimene mumakhulupirira. Ngati kwa inu ndi tchimo, phunzitsani ana anu choncho, lalikirani paguwa, thandizani atsikana amene asankha kubereka. Lamulo latsopano silingakakamize mayi aliyense kuchotsa. Koma tchimo ndi mlandu wa kupolisi ndi zinthu ziwiri. Zilipo zambiri zimene timazitcha machimo kutchalitchi koma sitimangitsa nazo anthu. Ndipo ndikamawerenga za mayi uja anamugwira ndi chigololo n'kubwera naye kwa Ambuye, ndimafunsa kuti mwamuna anali kuti? Mpaka lero ndi choncho. Wopereka mimba amakana, amathawa, amakwatira wina, amadyanso mgonero. Mtsikana ndiye amasiya sukulu, amadulidwa mumpingo, ndipo akadzivulaza timamuopsezanso ndi zaka 7.

Zakuti atsikana aziyendayenda, achimwene, palibe mtsikana amene amagona ndi mwamuna chifukwa wawerenga bilu. Amene ndawaona ine amatenga mimba chifukwa cha njala, chifukwa cha sopo ndi fizi, chifukwa cha akuluakulu a ndalama za pa malire, chifukwa cha zimene ena amauzidwa ku simba zoti akasase fumbi, komanso chifukwa tikamva kuti mtsikana wapita kukatenga njira zolera timamutcha hule. Pafupifupi atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atayamba kale uchembere pa kafukufuku wa boma uja, lamulo loletsali lili chilili. Ngati tikufunadi kuti mimba zochotsedwa zichepe, tilole ana athu adziwe matupi awo, kulera kupezeke popanda kunyozedwa, ndipo ogwirira ana amangidwe m'malo mokambirana zapachibale kwa amfumu ndi mbuzi. Ndipo inu nonse mukuwerenga, mwana akagwiriridwa musadikire kuti malume abwere kaye. Thamangirani naye kuchipatala asanathe maola 72, kuli mankhwala oteteza HIV ndi mapiritsi oletsa mimba pangozi. Ife sitinadziwe msanga, mwana uja anatiuza miyezi itapita.

Bambo omupeza aja anawoloka pa Muloza usiku womwewo ndipo sanamangidwe mpaka lero. Mtsikanayo sukulu sanabwerereko. Anakwatiwa, koma patatha zaka ziwiri apongozi anayamba kumutcha chumba, mwamuna n'kunyamula zovala zake. Pano amagulitsa tomato pa msika wa Limbuli. Loweruka lapitali ndinagula kwa iye mulu umodzi, iye n'kundiikira basela awiri, akuti, "Amayi, inu munandibereka kumbuyo usiku uja." Ndinalephera kumuyankha. Iye amakumbukira njinga ija, koma ine ndimakumbukira ulendo woyamba uja, pamene ndinabwerera naye kunyumba ali bwinobwino, atagwira mandasi m'manja.