Mankhwala owalitsa chotupa cha mu ubongo sapeza matenda, amathandiza pochotsa

Mayi wina amene amakhala ku Leeds, mzinda wa ku Britain, wandilembera pa imelo. Achimwene ake awapeza ndi chotupa mu ubongo, ndipo madokotala ati pa tsiku la opaleshoni adzamwa mankhwala opangitsa chotupacho kuwala. Akufunsa kuti: "Nanga bwanji sanawamwetse kale, m'malo mowavutitsa ndi MRI?" (MRI ndi makina ojambula m'kati mwa thupi.)

Pepani mayi ndi matendawa. Mankhwalawo ndi 5-ALA, ku Ulaya amagulitsidwa ndi dzina loti Gliolan. Kumeneko ku Britain ena amawatcha pink drink, ngakhale madzi akewo si apinki ayi. Chimene chimaoneka chapinki ndi chotupacho. Kuwalako sikudutsa chigaza. Kumaoneka pokhapokha mutu utatsegulidwa, dokotala n'kuyatsa kuwala kwa buluu pa microscope. Choncho kupeza chotupa ndi ntchito ya MRI, ndipo mtundu wake umadziwika akadula kachidutswa n'kukapima ku labu.

Vuto la glioma, mtundu wa chotupa cha mu ubongo umene mankhwalawa amagwiritsidwira ntchito, n'lakuti ilibe malire ooneka. Imalowerera mu ubongo wabwinobwino ngati mizu ya kapinga m'munda, moti ndi maso okha dokotala sangadziwe polekezera. Akadula mopitirira, munthu amatha kudzuka osayankhula kapena atafa mbali imodzi. Akasiya kambiri, chimaphuka msanga. Wodwala amamwa 5-ALA maola pafupifupi atatu asanagonekedwe, mamiligalamu 20 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Maselo a chotupa amawasandutsa kemikolo yotchedwa protoporphyrin IX, n'kuisunga yambiri, ndipo ndi imeneyo imawala.

Mu 2006, Walter Stummer ndi anzake ku Germany adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo: mbali ya chotupa yooneka pa MRI idachotsedwa yonse mwa odwala 65 pa 100 amene adamwa mankhwalawa, pomwe mwa osamwa idali 36 pa 100. Ulaya adavomereza 5-ALA mu 2007, America mu 2017. Komabe sindikufuna kukunamizani: mankhwalawa sapha chotupa, ndipo radiotherapy (kuwotcha chotupa ndi cheza) ndi chemotherapy (mankhwala opha maselo a khansa) nthawi zambiri zimatsatirabe. Zotupa zokula pang'onopang'ono kawirikawiri siziwala n'komwe.

Mukapita kukaona achimwene anu mukapeza makatani otseka, musadabwe. Munthu akamwa mankhwalawa, kwa tsiku limodzi kapena awiri khungu limapsa msanga ndi kuwala, choncho musawakhazike pawindo kuti aothere dzuwa.